Mwana akufuna kuphunzira zojambula mapulani a nyumba pa yunivesite yomwe si yaboma: ndimulipirire?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Khombedza konkuno ku Salima, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pano poti nkhawa yawo ili m'makomo ambiri. Akuti mwana wawo wamkazi anakhoza bwino MSCE ndipo dzanja lake ndi la zojambula kuyambira ali wamng'ono, koma dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma. Tsopano mtsikanayo waona pa Facebook yunivesite ina yomwe si yaboma, yomwe ikudzitama ndi maphunziro atatu: architecture (zojambula mapulani a nyumba), design ndi bizinesi. Mayiwo akufuna kudziwa kuti sukulu yotereyi imakhala yotani, ndiponso ngati n'koyenera kugulitsa mpunga ndi mbuzi kuti apeze fizi.

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa zomwe ndinene zikukhudza sukulu iliyonse ya mtundu umenewu, kaya ya kuno kwathu kapena ya kunja.

Maphunziro atatuwa sanawaike pamodzi mwangozi. Wophunzira architecture amaphunzira mmene nyumba imaimira: maziko akhale otani pa dothi lakutilakuti, mphepo ilowere kuti, dzuwa la masana litchingidwe bwanji, madzi a padenga apite kuti. Wa design amakonza mkati mwa nyumba, mipando, zikwangwani, ngakhale paketi yoti mpunga wa ku Lifuwu uoneke bwino pa shelefu ya mu shopu ku Lilongwe. Bizinesi imabwerapo chifukwa ambiri mwa ana amenewa adzadzilemba okha ntchito. Adzafunika kudziwa kulemba kotesheni, kumvana ndi kontirakitala pa pepala, kulipira msonkho ku MRA, ndi kutolera ndalama kwa kasitomala wozengereza. Ndaonapo anthu aluso kwambiri akusauka chifukwa chosadziwa kutchula mtengo wa ntchito yawo, ndiye ganizo lophatikiza zitatuzi ine ndimagwirizana nalo.

Koma apa mpomwe ndikufuna mutchere khutu. Kuphunzitsa bizinesi n'kotchipa: chipinda, bolodi, mphunzitsi, basi. Kuphunzitsa architecture kumadya ndalama. Choncho n'zotheka sukulu kuika chithunzi cha nyumba yosanja yokongola pa chikwangwani chake, pomwe mphamvu zake zonse zili ku makalasi a bizinesi, uku a mapulani akungotsalira m'mbuyo. Zimenezi simungazione pa foni. Muyenera kukafika.

Mukakafika, musathere nthawi mu ofesi ya olandira alendo. Pemphani kuti akuonetseni situdiyo, chipinda chomwe ophunzira amajambuliramo. Situdiyo yamoyo imadziwika msanga. Mupeza matebulo akuluakulu, aliyense ndi lake, zidutswa za makatoni zili mbwee pansi, fungo la guluu, tinyumba tating'onoting'ono tomata ndi manja tili ndi timawindo ndi timakonde, ndipo makoma onse ali odzaza ndi mapepala okhomedwa ndi mapini. Pamapepalapo muone ngati pali zolemba za mphunzitsi, mizere yofiira yosonyeza kuti apa khomo latsekereza njira, apa denga lilibe chogwirira. Maphunziro amenewa amayenda choncho: mwana amajambula, amaimirira pamaso pa aphunzitsi ndi anzake kufotokoza chifukwa chomwe waikira khitchini kumadzulo, amamutsutsa, amakakonzanso, mpaka ganizo lake litakhwima. Chipinda chikakhala chosesedwa bwino, matebulo ali mbee, makoma opanda kanthu pakati pa teremu, mtima wanu ukayike.

Funsaninso za makompyuta, ngati alipo okwanira ndiponso ngati ali ndi mapulogalamu ogwirira ntchitoyi monga AutoCAD, ArchiCAD kapena Revit. Ndipo funsani mosaopa kuti aphunzitsi ake ndi ndani, ndi angati omwe ndi olembetsedwa ngati ma architect, ndipo anajambulapo nyumba ziti zomwe munthu angakazione ndi maso. Ndalama ndi zanu, mafunso amenewa si mwano.

Tsopano za mapepala. Bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko muno ndi NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Pali kulembetsa sukulu, ndipo pali kuvomereza maphunziro ake, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Chilolezo chachiwirichi chimaperekedwa pa kosi iliyonse payokha, kotero sukulu imodzi ikhoza kukhala ndi digiri ya bizinesi yovomerezeka pomwe ya architecture sinavomerezedwe. Akakuuzani kuti ndi ovomerezeka, musakhutire. Muone dzina lenileni la kosi ya mwana wanu pa mndandanda wa NCHE. Zimenezi zikhudzanso ngongole ya fizi, popeza bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama, lomwe lamulo lake ndi la 2015, limayang'ana ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka.

Pali khomo linanso lomwe makolo ambiri salidziwa. Digiri payokha simupanga munthu kukhala architect wovomerezeka. Ntchitoyi ili ndi bungwe lake lolembetsa akatswiri, Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo womaliza sukulu amayamba wagwira kaye ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa asanaloledwe kuima payekha. Ndiye musanalipire ngakhale tambala, mwanayo alembere bungweli n'kufunsa ngati digiri ya sukuluyo imalandiridwa. Sukuluyo ikakhala ya kunja, funso lomweli lipitenso ku NCHE, poti ndi omwe amaunika masatifiketi ochokera kunja. Ndipo ngati fizi yake ili m'madola, kumbukirani November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Makolo olipira m'madola anadzuka fizi itakwera osachitapo kanthu.

Powerengera ndalama, musawerenge za teremu yoyamba yokha. Ikanipo laputopu yamphamvu, chifukwa yotchipa imakanika kunyamula mapulogalamu aja, kusindikiza mapepala akuluakulu pafupipafupi, makatoni, lendi ndi chakudya, kenako muchulukitse ndi zaka zonse. Chondipweteka mtima kwambiri ndi mwana wosiyira pa chaka chachiwiri, mbuzi zitatha, pepala palibe. Ngati mukuona kuti simungafike kumapeto, pali njira zina. Atha kuyesanso mwayi ku MUBAS ku Blantyre, yomwe inali Polytechnic mpaka 2021, komwe maphunziro a zomangamanga akhala akuphunzitsidwa kwa nthawi yaitali. Athanso kuyambira pafupi pompano pa Salima Technical College n'kuphunzira ntchito ya manja. Wojambula mapulani yemwe anagwirapo chipande ndi levulo amamvana bwino ndi amisiri pa saiti, ndipo sanamizidwa za kuchuluka kwa simenti.

Mwina mukudzifunsa ngati ntchitoyi ili ndi tsogolo kuno kwathu, komwe ambiri timangouza mmisiri kuti andimangire ngati ya uje. Ine ndikuti ilipo, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba zambiri chonchi. Lowani m'nyumba zatsopano zomwe zikumangidwa kuzungulira Kamuzu Road mwezi wa October nthawi ya masana. Malata ali pafupi ndi mutu, siling'i palibe, mawindo ang'onoang'ono mbali imodzi, khonde analidula kuti apulumutse ndalama. Usiku banja lonse limakagona panja pa mkeka, nyumba ya mamiliyoni ili chitsekere. Mphepo ya kunyanja ilipo yaulere, koma palibe anaiganizira pojambula. Akuluakulu akukumbukira chivomerezi cha March 1989 chomwe chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino, koma mpaka lero mupeza makoma akukwera opanda bimu yomangirira pamwamba. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'malo ogona alendo omwe anamangidwa moyandikira madzi, ndipo chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa anthu ambiri ku Dwangwa. Onjezanipo malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, zomwe zikufuna anthu odziwa kumanga ndi mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zopanikiza. Mwana wokulira ku Khombedza, wodziwa kutentha kwa kuno ndi komwe madzi amadutsa mvula ikagwa, akaphunzira bwino adzatithandiza kuposa mlendo wongobwera ndi pulani ya kwina.

Zoti ndi mtsikana zisakudetseni nkhawa. Amayi ojambula mapulani ndi oyang'anira ntchito pa saiti alipo m'dziko muno, ndipo akufunika ochuluka.

Ndiye musagulitse kanthu panopa. Sankhani tsiku la pakati pa sabata sukulu ili mkati, mupite naye limodzi, atenge ndi kope lake la zojambula. Inu mukamafunsa za mapepala ndi fizi, iye akacheze ndi ophunzira a chaka chachitatu aphunzitsi palibe, awafunse ngati makalasi amachitikadi ndiponso komwe anzawo omaliza akugwira ntchito. Mayankho a NCHE ndi a bungwe la akatswiri lija muwafune olembedwa. Mukakhala nazo zonsezi mundilembere, tiwerengere limodzi ndalama zake.