Seva ya ku Mzuzu sikugwirizana ndi ya ku Lilongwe, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnzathu amene amayang'anira makompyuta pa bungwe lina. Akuti ali ndi ma domain controller awiri a Active Directory, maseva a Windows amene amasunga maakaunti ndi mapasiwedi a antchito, ina ku ofesi yaikulu ku Lilongwe ina ku Mzuzu, ndiye akapanga akaunti ya wantchito watsopano ku Lilongwe munthuyo akafika ku Mzuzu akukanika kulowa, ena anasintha pasiwedi koma kumeneko ikugwirabe yakale, komanso akaunti ya munthu amene anasiya ntchito kalekale ikuonekabe. Seva ya ku Mzuzuyo inakhala yozimitsa kwa miyezi UPS, batire lothandiza magetsi akathima, itapsa, angoiyatsa posachedwa. Funso lake ndi loti, ndi command iti ingakakamize kuti zonse zifanane?

Achimwene, chonde musakakamize kaye. Ndikudziwa mabwana akukupanikizani ndipo foni sikupuma, koma pa zonse mwalembazi mawu amene andiimitsa mutu ndi akuti "kwa miyezi". Miyezi ingati? Pamenepa ndi pagona nkhani yonse.

Tsegulani command prompt ngati admin pa seva ya ku Lilongwe mulembe repadmin /replsummary, muyang'ane pamene palembedwa largest delta. Kenako repadmin /showrepl, iyi ikuuzani tsiku lomaliza limene masevawa anapatsana uthenga bwinobwino komanso nambala ya error. Lembani papepala tsikulo ndi nambalayo. Ndipo dziwani kuti pakati pa ma site awiri, ngati Lilongwe ndi Mzuzu, replication, kupatsana zosintha kwa maseva, imachitika pakadutsa mphindi 180 ngati simunasinthe, mutha kutsitsa mpaka 15, ndiye nthawi zina palibe chawonongeka, munthu amangofunika kudikira. Koma zanuzi si zodikira.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mukafufuta akaunti, Active Directory siyiitaya pompo, imasiya kachizindikiro kotchedwa tombstone kuti maseva ena onse amve kuti chakuti chachotsedwa. Zili ngati uthenga wa maliro, umayenda mudzi ndi mudzi kwa kanthawi kenako anthu amasiya kuunena poti aliyense wamva. Amene anali kutali nthawi yonseyo akabwera amafunsabe za malemu ngati alipo. Kachizindikiroka kamakhala masiku 180, ndipo pa ma forest akale, kutanthauza Active Directory yonse ya bungwe, amene anamangidwa Windows Server 2003 SP1 isanabwere kawirikawiri ndi masiku 60 okha, ndiye muonetsetse wanu ndi uti. Seva ikakhala chete kupitirira pamenepo imabwera ndi zinthu zomwe anzake anaiwala, ma lingering object, ngati akaunti ya uja anasiya ntchitoyo. Windows imadziwa zimenezi nchifukwa chake imatseka yokha replication, mumaona error 8614 ndi event 2042 mu log ya Directory Service.

Pa intaneti mupeza anthu akukuuzani kuti musinthe registry kuti seva ilole kulankhula ndi mnzake wotsalirayo. Zimatheka inde, koma mukachita musanayeretse ndi repadmin /removelingeringobjects mwatsegulira zinyalala khomo, ndipo zinyalala zake zina ndi maakaunti a anthu amene sayenera kulowanso mu system yanu. Ine maganizo anga, pa bungwe la maseva awiri okha, ngati masiku adutsa musalimbane nayo. Tengani backup ya system state ya ku Lilongwe, onani ndi netdom query fsmo kuti maudindo onse asanu apadera a mu Active Directory ali kumeneko, lembani maakaunti amene mwina anapangidwira ku Mzuzu kokha chifukwa amenewo atayika, kenako ichotseni ya ku Mzuzu pa udindo wa domain controller mokakamiza, muyeretse metadata yake, zolembedwa zotsalira za sevayo, ku Lilongwe, ndi kuikwezanso mwatsopano. Ikopera zonse zoyera kuchokera kwa mnzake. Ndi ntchito ya Loweruka limodzi netiweki ikakhala bwino, ndipo mugona tulo.

Nanga ngati masiku sanakwane? Apo ndiye pali zinthu zitatu zomwe ndimayamba nazo nthawi zonse ndipo choyamba ndi wotchi. Kerberos, njira yotsimikizira amene akulowa, salola kuti mawotchi a maseva asiyane kopitirira mphindi 5. Ndinapitako pa ofesi ina kumene tinataya m'mawa wonse tikufufuza firewall, thukuta lili kamukamu mu kachipinda ka seva kopanda mpweya, mpaka mnzanga analoza pakona ya sikirini, seva ikuonetsa chaka china. Kabatire kakang'ono kaja ka pa motherboard, kooneka ngati ndalama yachitsulo, kanatha mphamvu, ndiye magetsi akangothima wotchi imabwerera mmbuyo. Kuno kwathu ndi mmene magetsi amavutiramu musakaiwale kabatire kameneka. Onaninso ndi w32tm /query /source kuti seva ikutenga nthawi kuti.

Chachiwiri DNS, imene imathandiza makompyuta kupezana ndi mayina. Ndaona kambirimbiri munthu atalemba 8.8.8.8, DNS ya Google, kapena adiresi ya rauta pa khadi ya netiweki ya domain controller kuti intaneti iziyenda, osadziwa kuti Google sidziwa kumene seva yanu ya ku Lilongwe ili. Masevawa aziloza kwa anzawo ndi kwa iwo eni, za kunja ziikeni pa forwarder, kumene seva imakafunsa mayina a pa intaneti. Yesani dcdiag /test:dns. Chachitatu ndi njira yeniyeniyo, error 1722 imatanthauza kuti RPC, njira imene masevawa amalankhulirana, sikudutsa, ndiye onani VPN ndi firewall, port 135 komanso kuyambira 49152 mpaka 65535, kuphatikizapo 53, 88, 389 ndi 445. Ping yokha isakunamizeni, imatha kuyankha ma port ali otseka.

Pali funso limodzi lomwe ndikufuna mundiyankhe moona, poti simunatchule. Poiyatsa sevayo, kodi wina anaibwezeretsa kuchokera pa snapshot yakale, kope la mmene sevayo inalili kale? Chifukwa chimenecho chimabweretsa USN rollback, seva imabwerezanso manambala a zosintha amene mnzake akuti anawalandira kale, zosintha zatsopano nkumadumphidwa mwakachetechete, nthawi zina repadmin osaonetsa vuto lililonse. Fufuzani event 2095. Kuyambira Windows Server 2012 pali chitetezo ngati hypervisor yanu, pulogalamu yoyendetsa maseva a virtual, imadziwa VM-GenerationID, koma ikapezeka 2095 mankhwala ndi omwe aja, kuchotsa ndi kukwezanso.

Komanso maakaunti akayamba kufanana musathamangire kunyumba, SYSVOL, foda imene imanyamula mafayilo a Group Policy, malamulo a makompyuta a bungwe, imayenda njira yakeyake ya DFSR ndipo imadziimitsa ikakhala osalumikizana masiku opitirira 60, muona event 4012. Ikani kafayilo kakang'ono mu NETLOGON, foda ya mkati mwa SYSVOL, ku Lilongwe muone ngati kafika ku Mzuzu.

Nditumizireni zomwe showrepl yatulutsa pa maseva onse awiri, mayina a bungwe mufufute, ndi tsiku limene UPS ija inapsa ngati alipo akulikumbukira ku ofesi ya ku Mzuzuko. Tiwerengere limodzi masikuwo musanagwire china chilichonse.