Kodi Zaka 60 N'kuchedwa Kuyamba Kujambula?

Bambo wina amene wangopuma kumene ntchito ya uphunzitsi wanditumizira imelo yofunsa ngati n'kwanzeru kuyamba kujambula zithunzi ali ndi zaka 60, pomwe ana ake akuti ndi zachibwana. Bambo, kalata yanu ndaiwerenga katatu, pakuti yatokosa chilonda changa chakale.

Ndili mu Sitandade 5 ndinkajambula ndi makala pakhoma la khitchini ya agogo anga. Tsiku lina aphunzitsi anapeza nkhope yawo kumapeto kwa kope langa la masamu, ndipo anandikwapula anzanga onse akuona, mwina chifukwa chakuti mphuno ndinailondola kwambiri. Kuchokera pamenepo dzanja langa linangodziwa kulemba manambala m'mabuku a mu ofesi kwa zaka 34. Nditapuma ntchito ndinagula mapensulo, koma ndinkawabisa m'kabati monga momwe mkulu wa mpingo angabisire kachasu, kuopa funso lomwe mlamu wanga anadzandifunsabe: kodi zimenezi mudzagulitsa zingati?

Funso limenelo ndimalida, ndipo ndikamakula ndi pomwe ndikulidera. Tazolowera kuganiza kuti chilichonse chimene munthu wamkulu akuchita chiyenera kubala ndalama, apo ayi ndi ulesi, chonsecho palibe amene amafunsa madala otchova bawo pansi pa mtengo kuti apindula zingati pofika madzulo. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo makolo amene anapaka utoto wofiira ndi woyera pamatanthwe amenewo sankayembekezera wogula. Manyazi anga anathera ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene wansembe Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, nditaona anthu akusema mitengo poyera, mwaulemu wake, ngati ntchito ina iliyonse.

Za msinkhu musadere nkhawa. Grandma Moses wa ku America anayamba kupenta mwakhama atayandikira zaka 80, nyamakazi itamulepheretsa kupeta nsalu, ndipo anapitirizabe mpaka kufupi ndi imfa yake mu 1961 ali ndi zaka 101. Komabe sindikukulonjezani kutchuka kwake, chifukwa zithunzi zanga zoyamba zinali zoipa ndithu, moti mbuzi ina mdzukulu wanga anaiyesa galu.

Muyambire pati?

Musathamangire utoto wodula ndi ndalama za penshoni. Gulani mapensulo awiri ofewa, olembedwa kuti 2B ndi 6B, pamodzi ndi kope lopanda mizere, ndipo makala tolani pambaula. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanakwere, khalani pakhonde mphindi 30 n'kujambula chimene chili pamaso panu, kaya ndi mtondo, kaya ndi phazi lanu lomwe. Pansi pa chithunzi lembani deti, ndipo ana aja musawaonetse mpaka kopelo litadzaza.