Beira, doko lomwe anamangira anthu a kumtunda

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina woyendetsa thanki ya mafuta pakati pa Beira ndi Blantyre. Akuti papita zaka akugona pamzere kudikira kulonga, koma mpaka lero sadziwa kuti dzina la Beira linachokera kuti, linakhala bwanji doko lathu, nanga anthu otchuka a kumeneko ndani.

Bambo, tiyambe ndi malowo. Mwaona nokha kuti mzindawu uli pachidikha cha matope pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere, pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Buzi. Munthu wofuna pomanga mudzi sakanaloza pamenepo: udzudzu, madzi osefukira, nthaka yotitimira. Doko lakale linali Sofala, chakummwera pang'ono, komwe Aluya ndi Aswahili ankagula golide wochokera kumtunda, ndipo Apwitikizi anamangako linga mu 1505. Mchenga utakwirira Sofala, maso anatembenukira ku Pungwe. Mu 1887 Apwitikizi anakhazika kampu ya asilikali m'mbali mwa Chiveve, kamtsinje kaja kodutsa pakati pa tawuni. Dzina la Beira ndi la ulemu wa Luís Filipe, mwana wa mfumu ya Portugal, yemwe ankatchedwa Kalonga wa Beira. Anabadwa chaka chomwecho cha 1887, anadzacheza mu 1907 pomwe malowo ankakwezedwa kukhala mzinda, ndipo mu Febuluwale 1908 anamuwombera ku Lisbon pamodzi ndi bambo ake.

Chomwe chinakuza Beira ndi njanji. Kuyambira 1891 mpaka 1942 dera la Manica ndi Sofala silinali m'manja mwa boma mwachindunji, linali la kampani, Companhia de Moçambique, yomwe inkatolera msonkho, kugwira anthu ntchito yokakamiza, ngakhale kusindikiza ndalama zakezake. Azungu a ku Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, ankafuna njira yachidule yopita kunyanja, ndiye mu 1892 anayamba kuyala njanji yopapatiza kudutsa m'madambo a Pungwe. Malungo anapulula antchito. Njanjiyo inafika ku Umtali, komwe lero ndi Mutare, mu 1898.

Ife tinalumikizidwa mochedwa, ndipo chomwe chinatichedwetsa ndi Zambezi. Njanji ya ku Blantyre inkathera ku Chindio, tsidya la kumpoto. Ya ku Beira inafika ku Murraça, tsidya linalo, mu 1922. Pakati pake fodya ndi tiyi ankazitsitsa m'sitima, kuzikweza m'mabwato, kuwoloka, n'kuzikwezanso m'sitima ina. Chilimwe madzi akaphwa mabwato ankakhala pamchenga, dzinja mtsinje ukadzaza unkakokolola pokocheza. Mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka, ndi womwe unathetsa chipsinjocho mu 1935. Kuyambira pamenepo mpaka njanji ya Nacala itatsegulidwa mu 1970, pafupifupi katundu yense wa dziko lino ankadzera ku Beira. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inawononga mlathowo ndi njanji ya Sena m'zaka za m'ma 1980, katundu n'kusamukira pamsewu. Ndi chifukwa chake lero mumazungulira Inchope, Changara, Tete mpaka Zóbuè.

Mafuta omwe mumanyamulawo anautsapo mlandu waukulu. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okhaokha ku Rhodesia mu Novembala 1965, sitima zankhondo za Britain zinalondera panyanja kunja kwa Beira kuyambira 1966 mpaka 1975, kuti mafuta asalowe m'paipi yopita ku Umtali. Sizinaphule kanthu kwenikweni, poti mafuta ankangodzera ku South Africa ndi Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo.

Za anthu tsopano. Amene Amalawi ayenera kumudziwa ndi Jorge Jardim, mkulu wa bizinesi wa ku Beira, kazembe waulemu wa Malawi mumzindawo, bwenzi la Kamuzu komanso mkhalapakati wake ndi Apwitikizi. Mbali inayo kunali Sebastião Soares de Resende, bishopu woyamba wa Beira kuyambira 1943 mpaka imfa yake mu 1967, yemwe ankadzudzula poyera ntchito yokakamiza pomwe anzake ambiri anali chete. Arkibishopu wa Beira Jaime Gonçalves anali mmodzi wa oyanjanitsa pa zokambirana zomwe zinabala mgwirizano wa mtendere wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ku Beira kunabadwira Carlos Cardoso, mtolankhani yemwe anaphedwa ku Maputo mu 2000 akufufuza za kubedwa kwa ndalama kubanki, mlembi Mia Couto mu 1955, ndi wosewera mpira Reinildo Mandava.

Koma ndikanati ndisankhe mmodzi, ndi Daviz Simango, mwana wa Uria Simango uja anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa Frelimo. Anakhala meya kuyambira 2003 mpaka anamwalira mu Febuluwale 2021, ndipo mu 2009 anayambitsa chipani cha MDM. Anali injiniya, ndipo analimbana ndi mdani weniweni wa Beira, madzi: kukumba ngalande, kutsegula Chiveve kuti madzi a mvula azitulukira kunyanja. Namondwe Idai atagwa usiku wa pa 14 Malichi 2019 mphepo inasasula madenga mzinda wonse, koma madera omwe ngalande zinakonzedwa madzi anaphwa msanga.

Matope aja sanachoke. Pungwe amatsitsa dothi chaka chonse, ndiye ngalande ya Macuti yomwe sitima zimalowera amayenera kuikumba kawirikawiri, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira madzi akwere kaye. Kukumbako kukachedwa, sitima ya mafuta imaima kunja kapena kubwera yosadzaza, inu n'kugona pamzere masiku angapo.