Kodi ndisaine chikalata chokana nyumba zatsopano?

Funso: Ndimakhala ku Surrey, kufupi ndi London. Anansi anga akuyenda khomo ndi khomo kusainitsa chikalata chokana kampani ina yomwe ikufuna kumanga nyumba mazanamazana pa minda ya Green Belt. Komatu lendi kuno yatifika pakhosi. Ndisaine kodi? — Mayi wa ana awiri

Yankho: Mayi, musathamangire cholembera. Green Belt ndi malo ozungulira mizinda omwe boma linaletsa kumangapo chisawawa, kuti matauni asamangokula mpaka kumezana. Ya London inakhazikika ndi lamulo la 1938, ndipo mu 1955 nduna Duncan Sandys inapempha makhonsolo ena kuti atengerepo. Lero malowa aposa 12 peresenti ya dziko la England.

Mu 2024 boma la chipani cha Labour, lomwe linalonjeza kumanga nyumba 1.5 miliyoni, linafewetsa lamulo pa malo omwe likuwatcha "grey belt", monga magalaja akale ndi moimika magalimoto.

Ndiye pitani mukapondepo nokha. Ngati mukapeze dambo losunga madzi a mvula, mitengo ikuluikulu ndi tinjira tomwe ana amadutsa, ine ndingasaine mosanyinyirika, chifukwa konkire ikathiridwa munda subwereranso. Ngati ndi phula long'aluka lomera udzu, asiyeni amange.

Werenganinso pulani yawo ku khonsolo, muone nyumba zotsika mtengo zilipo zingati. Kawirikawiri amapereka masiku 21 oti anthu ayankhepo. Kalata yanuyanu yotchula kusefukira kwa madzi, misewu ndi malo m'sukulu imamveka kuposa siginecha.