Kodi chokoleti chakuda chichepetsa thupi? Yankho kwa mayi aku Matawale

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena aku Matawale. Akuti atapita kukayezetsa BP, anamwino anawakweza pa sikelo n'kuwauza kuti thupi lapyola muyeso, BMI yawo (muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ndi 29. Sabata yomweyo, pagulu la WhatsApp la amayi akumpingo, wina anaponya uthenga woti chokoleti chakuda chili ndi ma polyphenol amene amasungunula mafuta. "Ndiye ndayamba kugula cha magalamu 100 tsiku lililonse ndikaweruka kuntchito," akutero mayiwa. "Ndipitirize? Chikwama chikupepuka koma ine ayi."

Mayi, musapitirize. Koma wotumiza uthengayo musamutenge ngati wabodza weniweni, chifukwa m'nkhaniyi muli kachoona pang'ono.

Ma polyphenol alipodi. Ndi tinthu topezeka m'zomera zambiri, ndipo mu koko muli gulu lina lotchedwa ma flavanol, lomwe limathandizira kuti chokoleti chakuda chizimveka kuwawa ndi kumata lilime. Ntchito yake yodziwika bwino ili m'mitsempha ya magazi. Mu 2012, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linavomereza kuti mamiligalamu 200 a ma flavanol a koko patsiku amathandiza mitsempha kutanuka bwino kuti magazi aziyenda mosavuta. Taonani kuti ananena za mitsempha, sanatchule mimba kapena chiuno. Ndipo muyeso umenewo umapezeka m'magalamu 10 okha a chokoleti chokhala ndi ma flavanol ambiri, kachidutswa kongofanana ndi chala chachikulu. Inu mukudya kakhumi kuposa pamenepo.

Tsono tembenuzani pepala lokutira lija muwerenge kuseri. Chokoleti chakuda chokhala ndi koko 70 mpaka 85 peresenti chimakhala ndi makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 600 pa magalamu 100, mafuta opitirira magalamu 40 ndi shuga oposa magalamu 20. Mayi wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku, ndiye kaphukusi kanu kamodzi katenga kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, musanakhudze nsima. Kuti muwotche makalori amenewo muyenera kuyenda mwandawala pafupifupi maola awiri. Ndikanakonda kukuonani mukukwera msewu wa Ku Chawe madzulo alionse chifukwa cha chokoleti!

Nanga mphekeserayi inachokera kuti? Mu 2012 ofufuza aku San Diego ku America anafunsa anthu pafupifupi 1,000 za kadyedwe kawo, n'kupeza kuti odya chokoleti pafupipafupi anali ochepako thupi. Nyuzipepala zinalumphira. Koma kafukufuku wongofunsa sangatiuze chimene chinayambitsa chinzake. Mwina onenepa ndi amene anali atasiya kale chokoleti poopa kunenepa. Kenako mu 2015 mtolankhani John Bohannon anatchera msampha dala. Iye ndi anzake anayesa anthu 15 okha ku Germany kwa masabata atatu, anayeza zinthu 18 zosiyanasiyana podziwa kuti mwamwayi chimodzi chioneka ngati chasintha, n'kulengeza kuti chokoleti chimafulumizitsa kuonda. Nyuzipepala yaikulu ya Bild inalemba, ena m'maiko ambiri anatengera. Pambuyo pake anaulula kuti ankangofuna kuonetsa mmene atolankhani amamezera nkhani osatafuna. Ndikuganiza kuti zidzukulu za nkhani imeneyo ndi zimene zikuzungulirabe m'mafoni athu.

Pamene ofufuza anaphatikiza zotsatira za mayeso enieni, opatsa ena koko ena ayi, sikelo sinasunthe moti munthu n'kuzindikira.

Palinso china. Nambala ya peresenti ija sikuuzani kuchuluka kwa ma flavanol. Kuvundika njere za koko, kuzikazinga, makamaka kuzithira mankhwala otchedwa alkali kuti zisawawe, zonsezi zimawononga ma flavanol ambiri. Mungalipire ndalama zambiri n'kugula mtundu wakuda wokha.

Chimene chimandiseketsa n'choti tikuthamangira chinthu chochokera kutali, koko wambiri wolimidwa ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, chikhalirecho ma polyphenol atizungulira. Tiyi waku Thyolo ndi Mulanje ali nawo, bola musamuthire masupuni anayi a shuga monga ndinkachitira ine kale. Nyemba zofiira zili nawo m'khungu mwake. Chidede chili nawo. Masitiroberi aja anyamata amakuthamangitsani nawo m'mbale pamsewu wokwera phiri la Zomba nawonso ali nawo, ndipo makalori ake ndi ochepa kwambiri. Koma nazonso sizisungunula mafuta, zimangokhutitsa popanda kulemetsa.

Ngati chokoleti mumachikonda, thyolani tizidutswa tiwiri, chotsalacho mubise patali ndi maso, ndipo tizidutswato tilowe m'malo mwa mandasi kapena zakumwa zotsekemera zamasana, osati kuwonjezera pamwamba. Pamgonero chepetsani mtanda umodzi wa nsima, masamba achuluke. Masiku ena tsikani kabaza patali pang'ono ndi nyumba. Popeza munatchula za BP, mukabwerera kuchipatala mukapemphenso kuti akuyezeni shuga, ndipo ngati anakupatsani mankhwala musawasiye chifukwa cha koko. Mwezi ukatha mundilemberenso, mundiuze zimene sikelo ikunena.