Mwana akufuna kuyendetsa helikopita, agogo ake akukana

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Ulongué, ku Angónia. Mwana wawo wamwamuna ali mu kalasi 11, ndipo chionereni helikopita ikutera pabwalo la mpira sakambanso zina, akufuna kudzayendetsa yankhondo. Agogo ake aamuna, amene anaona nkhondo ya Apwitikizi ali mnyamata, akuti chinthu chimenecho n'cha imfa ndipo mdzukulu wawo asachiyandikire. Mayiwa akufunsa kuti amvere ndani, komanso ngati mwana wa kumudzi angafikeko n'komwe.

Amayi, ndiyambe ndi bambo anuwo, chifukwa akunena zimene maso awo anaona. Helikopita imene inkawathamangitsa m'munda ili ndi dzina: Alouette III. Inapangidwa ku France ndi kampani ya Sud Aviation, inauluka koyamba mu 1959, ndipo asilikali a Portugal anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1963. Ndi kanthu kakang'ono, kutsogolo kuli ngati mphika wagalasi, kamanyamula woyendetsa ndi anthu ena 6, ndipo katadzaza kamalemera matani awiri ndi pang'ono. FRELIMO itayambitsa nkhondo kuno ku Tete mu 1968, damu la Cahora Bassa lili pafupi kuyamba kumangidwa, helikopitazi zinkanyamuka pabwalo la Chingodzi kukatula asilikali m'tchire, kumene magalimoto ankaopa mabomba okwirira. Zina anaziikira mfuti yaikulu ya mamilimita 20 pakhomo. Pa 16 Disembala 1972 ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, asilikali anatsika m'mahelikopita n'kupha anthu wamba mazanamazana, ndipo António Costa, amene anali nduna yaikulu ya Portugal panthawiyo, anadzapepesa ku Maputo mu 2022. Ufulu utabwera phokosolo silinathe. Mu Novembala 1977 asilikali a Rhodesia, nawonso ali ndi ma Alouette III, anaukira Tembué m'chigawo chathu chomwechino. Mwana wanu ayenera kuzidziwa zimenezi asanavale yunifolomu iliyonse, ndipo amene angamuphunzitse bwino ndi agogo akewo.

Koma mbiri yake siithera pamenepo. Helikopita zopepuka ngati zimenezi anazipangira ntchito zosiyanasiyana: kunyamula wovulala pamachira, kutula mankhwala ndi chakudya, kufufuza osowa, kuphunzitsira oyendetsa atsopano. Namondwe wa Idai atakantha Beira mu Malichi 2019, asilikali apamadzi a India anabwera ndi helikopita yotchedwa Chetak kudzathandiza, ndipo Chetak ndi Alouette III yomweyo, yopangidwa ku India. Mu 2000, madzi a Limpopo atasefukira, helikopita za asilikali a South Africa zinatsitsa anthu masauzande m'mitengo ndi pamadenga. Ifenso tikudziwa mmene zinalili mu Januwale 2022, namondwe wotchedwa Ana atagumula mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Msewu ukaduka, munthu amayang'ana kumwamba.

Tsopano chimene ndikufuna kuti inu ndi mwanayo muchiganizire mofatsa ndi ichi. Portugal inapumitsa Alouette III mu 2020, itaigwiritsa ntchito zaka 57. Galimoto yanji imene ingagwire ntchito yakalavulagaga zaka zonsezo? Amene anaisunga yamoyo ndi amakaniko. M'mamawa, woyendetsa asanafike, makaniko amakhala atakwera kale pamwamba, akusisita mapiko ozungulirawo ndi chikhatho kufuna kumva ngati pali kamng'alu, akuyang'ana kawaya kamene amamangira mabawuti kuti asamasuke ndi kunjenjemera, akusuzumira mafuta ngati muli tizidutswa tachitsulo. Zipangizo zambiri zili ndi maola ake owerengeka, ndipo akakwana zimachotsedwa ngakhale zikuoneka zabwinobwino. Zonse amazilemba m'buku n'kusainira dzina lake. Akapanda kusaina, helikopita siinyamuka, ngakhale woyendetsayo akhale wa udindo waukulu chotani.

Ana ambiri amene amabwera kwa ine amangoona mpando wakutsogolo. Koma mipando imeneyo ndi yochepa, pamene helikopita imodzi imadalira gulu lonse la anthu pansi: a injini, a zamagetsi, a mawailesi, a mafuta, a zanyengo. Luso limeneli munthu amatuluka nalo m'tropa (ku usilikali) n'kukadyera kwina, kumakampani a ndege, kumigodi ya ku Moatize, ngakhale ku Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa. Ine ndimalilemekeza kwambiri, ndipo zimandiwawa makolo akamaliona ngati ntchito ya amene analephera uyendetsi.

Njira zake zili motere. Wofuna kukhala ofisala, kuphatikizapo wa gulu la ndege, amafunika kumaliza kalasi 12 n'kupikisana pa mayeso olowera ku Academia Militar Marechal Samora Machel ku Nampula. Amayezedwanso thupi ndi mphamvu. Masajeni amaphunzira ku sukulu yawo ku Boane. Kumbali ya ndege wamba kuli Escola Nacional de Aeronáutica ku Maputo, ndipo ziphaso zimaperekedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege la IACM, koma dziwani kuti kuphunzira kuuluka ndi ndalama zanu n'kodula koopsa, makamaka helikopita, chifukwa mumalipira ola lililonse limene muli m'mwamba. Musagulitse ng'ombe kapena munda wa mbatata chifukwa cha munthu amene akuti ali ndi m'bale ku likulu woti amulowetsa. Malo amalengezedwa poyera, ndipo ofesi ya kalembera wa usilikali ku Tete ndi imene ingakuuzeni zofunika za chaka chimenecho. Akakwanitsa zaka 18 ayenera kukalembetsa kalembera ameneyu, amene amachitika mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo kapepala kake akasunge bwino. Ngati usilikali sudzatheka, uinjiniya wa zamagetsi ku Instituto Superior Politécnico de Songo kapena wa zamakina ku Universidade Eduardo Mondlane ukhoza kumufikitsa pafupi ndi ntchito yomweyo.

Sindikubisirani: kumapeto kwa 2023 Nyumba ya Malamulo inakweza nthawi ya tropa kuchoka pa zaka 2 kufika pa 5, ndipo ku Cabo Delgado kuli nkhondo chiyambire 2017. Msilikali sasankha kopita. Mwana wanu akalowa, alowe akudziwa zimenezi, ndipo inunso mtima wanu ukhale utavomereza.

Pakadali pano ntchito yake ili m'kalasi. Masamu ndi Física (fizikisi) ndiwo maziko, ndipo mumufunse funso ili muone ngati chidwi chake n'chenicheni: n'chifukwa chiyani helikopita imanyamula katundu wochepa masana a Okutobala mumzinda wa Tete kusiyana ndi m'mawa kukuzizira? Yankho ndi lakuti mpweya ukatentha umapepuka, mapiko amasowa pogwira ndipo injini imafooka. Kumtunda ngati kwanu ku Angónia mpweya ndi wopepukanso chifukwa cha kukwera kwa malo. Alouette III inatchuka chifukwa inkapirira zonse ziwirizi. Mwana amene maso ake amawala akamva zoterezi ali panjira. Chingerezinso asachitaye, chifukwa ndicho chilankhulo cha pawailesi paulendo wa ndege za pakati pa mayiko, ndipo mabuku ambiri okonzera ndege amalembedwa m'chinenero chimenechi. Ana a m'malire muno ali ndi mwayi, amachimva pawailesi za ku Malawi tsiku ndi tsiku.

Chinthu chimodzi musachichedwetse. Pitani naye kuchipatala akamuyeze maso, makamaka kusiyanitsa mitundu. Amamuonetsa timabuku ta madontho ofiira ndi obiriwira momwe mwabisika nambala, ndipo pali anyamata anzeru ndithu amene saiona nambalayo, osadziwa n'komwe kuti ali ndi vutoli mpaka tsiku la mayeso ku Nampula. Ndi bwino adziwe ali mu kalasi 11, nthawi yosankha njira ikadalipo. Mukatero mundilemberenso, ndipo munditumizire magiredi ake a masamu a teremu ino.