Musathamange, ine mesa yanga inapsa ndikuyang'ana

Achimwene, mwalemba kuti bolometer yanu (chida choyezera kuwala poona kutentha komwe kwabwera nako) yadumpha, koma ikadumpha sindiye kuti Bi-2212 yanu, kristalo ya superconductor ija, yayamba kutulutsa terahertz (THz), mafunde a pakati pa microwave ndi infrared. Musauze kaye munthu. Ine zomwezi zinandiliza ngati mwana.

Ndili chaka chachiwiri cha PhD ndinali ndi mesa (kachitunda kakang'ono kosemedwa pa kristaloyo, kotulutsira terahertz) imodzi yokha yamoyo, miyezi isanu ndikuvutika. Kusenda kristalo ndi selotepu, kuthirapo golide msangamsanga pamwamba pasanawonongeke, kusema ndi argon, zonsezo mukuzidziwa. Zina zonse zinafera panjira. Iyiyi inali 80 µm m'lifupi, kuchindikala pafupifupi 1 µm, ndiye kuti ma junction a Josephson (timagawo tosanjikizana m'kristalomo) ngati 650 poti iliyonse ndi 1.5 nm. Powerengetsa ndi m'lifupimo, inkayenera kulira cha pa 0.45 THz, kutanthauza pafupifupi 1 mV pa junction iliyonse, paja m'masamu a Josephson 1 mV imapereka 483.6 GHz.

Tsiku lake kunali usiku, cha m'ma 2 koloko, ndili ndekhandekha mu labu, kuzizira kwafika 30 K. Ndikukweza current pang'onopang'ono, mzere wa I-V (graph ya current ndi voltage) unayamba kupindikira m'mbuyo, current ikukwera koma voltage ikutsika. Lock-in, chida chowerengera zomwe bolometer yamva, nayo ndiye jowi! Manja ananjenjemera. Ndinajambula sikirini n'kutumizira abwana a labu, munthu wosagona uja, ndipo sipanathe mphindi atayankha kuti kwezani tione pothera pake. Ndinakweza. 40 mA, 45, 50, kenako zii. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kugwedeza mawaya, kupemphera, palibe. Kutacha ndinaiika pa microscope, pakati pa mesa panali kadontho kakuda ngati pomwe khala lagwera pamphasa.

Chopweteka kwambiri n'chakuti chomwe ndinkasangalalira chija mwina chinali kutentha chabe. Mzere ukapindika chonchija m'katimo mumabadwa hot spot, kadera kotentha kupitirira 90 K komwe superconductivity (kuyenda kwa magetsi popanda chotchinga) yatha, a Wang ndi anzawo anakaonetsa kale mu 2009. Bolometer siisankha, chopper (kagudumu kotsekatseka kuwala kopita ku bolometer) imaduladula kutenthako limodzi ndi terahertz yeniyeni. Spectrometer, chida cholekanitsa kuwala malinga ndi frequency, inalipo m'chipinda chinacho, koma postdoc (wofufuza womaliza kale PhD) wina anaikumbatira ngati ya agogo ake, akuti wophunzira aithyola. Ndiye Lolemba pamsonkhano abwana aja n'kuima pamaso pa onse kuti Amalawi athuwa anachita mosasamala! Uthenga wawo woti kwezani ndikadali nawo mufoni mpaka lero. Sindinayankhe, visa yanga inali m'manja mwawo.

Ndiye inu, pezani spectrometer ngakhale mochita kugwada. Terahertz yoona imaoneka kamzere kopyapyala, ndipo mukasintha voltage kamasuntha motsata masamu a Josephson aja. Kutentha kumangoti mbwee paliponse. M'njira yomwe kuwalako kukudutsa pemererani nitrogen wouma, chinyezi chimameza terahertz koopsa. Musayembekezenso zambiri, a Ozyuzer ku Argonne mu 2007 anayamba ndi theka la microwatt basi.

Ikani malire pa current source, wina asakukakamizeni kudutsa, kaya ndi pulofesa. Komanso musachite mantha mopitirira, poti terahertz yeniyeni imathanso kutuluka hot spot ilipo, ine mesa yomwe inadzandimalizitsa PhD ndinachita kuikankha ndithu. Ingoonetsetsani kuti yamatidwa bwino pa mkuwa wozizirawo. Tumizani I-V yanu muno ndi m'lifupi mwa mesa, ndiiona ndikaweruka.